Mphete ya agogo yolembedwa chobwerera

Bambo wina wa ku Mbare wanditumizira imelo yofunsa za mphete yasiliva imene anamusiyira malemu agogo ake, omwe anabwera kuno ku Harare kuchokera ku Mangochi. Akuti ili ndi mwala wofiirira, ndipo zilembo za Chiarabu zimene zili pamwalapo zinazokotedwa chobwerera, moti akuganiza kuti mmisiri analakwitsa ndipo akufuna kukaikonzetsa.

Achimwene, mmisiriyo sanalakwitse ayi. Mphete imeneyo ndi chidindo, ndipo mukaidinda pa phula la kandulo lisanaume, mudzaona mawuwo akuwerengeka bwinobwino kuchokera kumanja kupita kumanzere.

Mwambowu ndi wakalekale m'Chisilamu. Mtumiki Muhammad (SAW, kutanthauza madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) atafuna kulembera makalata mafumu a mayiko ena, anauzidwa kuti iwo sawerenga kalata yopanda chidindo, choncho anasulitsa mphete yasiliva yolembedwa kuti Muhammad Rasul Allah (Muhammad Mtumiki wa Allah) m'mizere itatu. Pambuyo pake anaivala atsogoleri a Asilamu amene anamulowa m'malo: Abu Bakr, kenako Umar, kenakonso Uthman, mpaka inagwera m'chitsime cha Aris ku Madina osapezekanso. Siliva ndiye wa amuna, chifukwa golide analoledwa kwa akazi okha.

Mwala wanuwo ukuoneka kuti ndi aqiq (agate pa Chingerezi), umene wotchuka kwambiri umachokera ku Yemen. Ndi wolimba koposa galasi, kotero kuti mmisiri amauzokota pang'onopang'ono ndi kachitsulo kozungulira kopakidwa ufa wonolera, kenako amaukhazika m'kambale kasiliva n'kupinda milomo yake kuti iugwire. Muuyang'ane padzuwa: mukaona timathovu mkati, ameneyo ndi galasi chabe. Musadandaule mukapanda kupeza nambala ya 925, imene imasonyeza magawo 925 a siliva pa 1,000 aliwonse, pakuti mphete zambiri zakale zosulidwa pamanja sizinkadindidwa.

Chimene ndikuopa ine ndi moto. Ngati mpheteyo ikukuthinani ndipo mukufuna kuikulitsa, mmisiri ayambe wachotsa mwalawo, chifukwa ukatenthedwa umang'aluka kapena kusintha mtundu, ndipo amisiri ena a m'tauni muno sakuuzani zimenezi ntchito isanayambe.

Muziivala kuchala chaching'ono, osati chamkombaphala kapena chapakati, ndipo pochita wudhu (kusamba kokonzekera pemphero) muziisuntha kuti madzi alowe pansi pake. Mukadinda paphula paja, mupite nalo kwa shehe akuwerengereni, pakuti ngati pali dzina la Allah muyenera kumaivula polowa kuchimbudzi, komanso mwina mudzapeza kuti ndi dzina la agogo anu.