Kwa achimwene a kampani yokonza nyumba: pulogalamu yoyendetsera ntchito yomwe kasitomala angalowemo

Achimwene, funso lanu lamveka. Mwati muli ndi kampani yokonza nyumba kuno ku Joni, anyamata 9, mumapenta, kuika matailosi ndi siling'i. Ntchito zimakhala zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, ina ku Randburg, ina ku Midrand, ina ku Roodepoort, ndipo zonse zikuyendera m'magulu a WhatsApp. Chikukupwetekani n'chakuti kasitomala amasintha maganizo ntchito ili mkati, tsiku lolipira n'kukana kuti iye sananene zimenezo. Ndiye mukufunsa kuti mutenge iti pakati pa Trello, Asana, monday.com ndi ClickUp.

Mapulogalamu onsewa amatha kusunga mndandanda wa ntchito, kuika dzina la munthu ndi tsiku lomalizira. Pamenepo palibe woposa mnzake. Mukayamba kuwerenga zokometsera zimene aliyense walemba pa tsamba lake, mutha mwezi musanasankhe, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kwa ntchito yanu yang'anani zinthu ziwiri basi: kasitomala mukamulowetsa amaona chiyani, ndiponso kodi mmisiri yemwe ali pa saiti, m'manja muli simenti, angathe kuigwiritsa ntchito pa foni yake.

Tiyambe ndi kasitomala, chifukwa ndi pamene ambiri amapsa.

Trello imagwira ntchito ndi bolodi. Pa bolodipo pamakhala mizati, ndipo ntchito iliyonse ndi khadi lomwe mumalisuntha kuchoka pa mzati wina kupita pa wina. Ndi yosavuta, munthu amaimva tsiku lomwelo. Koma dziwani ichi: yemwe mwamulowetsa pa bolodi amaona makhadi onse a pa bolodipo, ndemanga zonse ndi zithunzi zonse. Ngati pa khadi lina foromani walemba kuti matailosi munagula R189 pa mita pamene pa kotesheni munalemba R260, kasitomala aziwerenga. Ngati wina walemba kuti mayi a nyumba ino ndi ovuta, awerenganso. Choncho pa Trello nyumba iliyonse imafuna mabolodi awiri, lina la inu ndi anyamata, lina la kasitomala. Apa pakubwera vuto lachiwiri: Trello yaulere imalola mabolodi 10 okha ndi anthu 10, ndipo alendo, anthu a kunja kwa kampani monga makasitomala, amawerengedwa m'gulu la anthu 10 amenewo. Inu ndi anyamata 9 mwadzaza kale. Njira yake ndi kulowetsa maforomani okha, anthu atatu kapena anayi, malo otsalawo akhale a makasitomala. Mukayamba kulipira, mlendo yemwe ali pa bolodi limodzi salipiridwa, koma mukamuika pa mabolodi awiri amasanduka wolipiridwa. Izi zimachitika mosadziwa pamene kasitomala mmodzi wakupatsani nyumba yachiwiri.

Basecamp simunaitchule, koma pa nkhani ya makasitomala ndi imene ine ndingaike patsogolo. Inapangidwa mu 2004 ndi kampani ya ku Chicago yomwe panthawiyo inkapangira makasitomala masamba a pa intaneti, ndiye vuto lanuli ankalidziwa. Mu Basecamp chinthu chilichonse chimayamba chili chobisika kwa kasitomala, ndipo inu ndi amene mumatsegula chimene mukufuna kuti aone. Uthenga kapena mndandanda uliwonse umasonyeza ngati kasitomala akuuona kapena ayi. Makasitomala salipiridwa, komanso akhoza kuyankha kudzera pa imelo, yankholo n'kukalowa mu pulogalamu. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa bambo wa ku Bryanston yemwe akukonzetsa bafa limodzi sangafune kuphunzira pulogalamu yatsopano pa ntchito ya masabata atatu.

Asana ndi yabwino pamene ntchito zikudalirana, ina singayambe inzake isanathe. Pa zomangamanga izi ndi za tsiku ndi tsiku: pulambala athe kaye, mupake mankhwala oletsa madzi kulowa, aume, kenako matailosi, ndipo grout, yotsekera mipata ya pakati pa matailosi, imadikira kuti guluu wa matailosi aume, kawirikawiri maola 24. Koma kulumikiza ntchito motere, pamodzi ndi tchati chosonyeza masiku, zili pa gawo lolipira. Chinanso, Asana imasiyanitsa wantchito ndi mlendo poyang'ana imelo. Amene alibe imelo ya dzina la kampani yanu ndiye mlendo. Ngati nonse mumagwiritsa ntchito Gmail, konzani kaye za imelo ya kampani.

monday.com imaoneka bwino pa kompyuta, koma yolipira imayambira pa anthu atatu ngakhale mukhale awiri, ndipo kulowetsa alendo sikupezeka pa gawo lotsikitsitsa. ClickUp ili ndi zinthu zambirimbiri, zina simudzazikhudza, ndipo kuchuluka kwakeko kumasokoneza munthu pa foni yaing'ono. Jira isiyeni, ndi ya anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Ngati mumalipira kale Microsoft 365 ya bizinesi, onani Planner yomwe imabwera momwemo, ingakwanire pa ntchito za mkati mwa kampani.

Tsopano pa vuto lenilenilo, la kasitomala wokana mawu ake. Pulogalamu payokha siithetsa zimenezi. Chimene chimathetsa ndi lamulo lomwe muike pakati pa inu ndi maforomani: chilichonse chosintha pa kotesheni chikhale ndi khadi lakelake, ndipo palibe wogwira ntchito imeneyo kasitomala asanavomereze molemba. Pa khadilo lembani zinthu zinayi: chasintha n'chiyani, ndalama zowonjezera, masiku owonjezera, ndi chithunzi cha malowo. Mwachitsanzo: "Bafa la pamwamba, matailosi akwere mpaka ku siling'i m'malo mwa mita 1,2. Kuwonjezera R3 400 ndi masiku awiri." Kasitomala ayankhe pansi pake kuti wavomera. Akakuuzani pakamwa pa saiti, foromani alembe khadilo pomwepo, asanakwere bakkie, n'kumutumizira. Ambiri amalemba ndalama n'kuiwala masiku, ndiye pamapeto kasitomala amalipira ndithu zowonjezerazo koma n'kumadandaula kuti mwachedwa.

Lamulo la kuno la 2002, Electronic Communications and Transactions Act, limalola kuti uthenga wa pa imelo kapena pa foni ukhale umboni. Choncho mauthenga anu a pa WhatsApp si opanda ntchito. Kufooka kwake n'kwakuti wotumiza akhoza kusintha uthenga mkati mwa mphindi 15, akhoza kuufufuta kwa onse, ena amatchera kuti mauthenga azizimiririka okha, ndipo "ok" yemwe ali pakati pa mauthenga 400 sadziwika kuti ankavomereza chiyani. Ngati kasitomala wakaniratu kuchoka pa WhatsApp, musakangane naye. Mutumizireni mawu onse a kusinthako mu uthenga umodzi, ayankhe pa uthenga womwewo, inu mujambule sikirini n'kuika chithunzicho pa khadi tsiku lomwelo.

Bolodi la mkati likhale ndi mizati isanu: Zikubwera, Sabata ino, Zikugwiridwa, Zikudikira kasitomala, Zatha. Mzati wachinayiwo ndi umene umaonetsa pamene ndalama zikutayikira, chifukwa khadi likakhala pamenepo masiku anayi mumadziwa kuti anyamata akulipidwa atangokhala. Khadi lililonse likhale ndi mwini wake mmodzi. Mukaika mayina awiri, aliyense amaganiza kuti mnzake wapanga. Ndipo khadi lisakhale lalikulu ngati "Bafa". Lidulidwe kuti likhale ntchito ya tsiku limodzi kapena awiri. Khadi la matailosi lizioneka motere: malo ndi 14 m², kuwonjezera 10% ya zodula ndi zosweka ndi 15,4 m², bokosi la matailosi anayi a 600 x 600 limakwana 1,44 m², ndiye mabokosi 11. Jambulani pambali pa bokosi pomwe pali nambala ya batch, yosonyeza gulu la matailosi opangidwa nthawi imodzi, chithunzicho chikhale pa khadi. Matailosi akaperewera, wopita kukagula ena ayang'ane nambala imeneyo, apo ayi abweretsa a mtundu wosiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera khoma litatha kale.

Za foni. Tengani foni yotsika mtengo kwambiri pakati pa anyamata anu, ndiyo muyesere, osati yanu. Ikanimo pulogalamuyo, zimitsani data, tsegulani khadi, lembani ndemanga, kenako yatsani data muone ngati zalowa. Trello ya pa foni imalola kugwira ntchito popanda intaneti n'kutumiza netiweki ikabwera. Izi zimathandiza m'magalaja a pansi pa nyumba zosanja, komanso magetsi akathima n'kufooketsa netiweki m'deralo. Trello yaulere imakana failo yoposa 10MB. Chithunzi chimalowa, koma kanema wa mphindi imodzi salowa. Makanema ndi mapulani ikani pa Google Drive, yomwe imapereka 15GB yaulere, pa khadi muzingoika link. Ndipo bandulo mugule ndinu a kampani. Mnyamata sangamatumize zithunzi 20 patsiku ndi data yomwe wagula kuti aziyankhulana ndi a kumudzi. Akasiya kutumiza muziyesa ulesi, pamene vuto ndi mayunitsi.

Mitengo ya makampani amenewa imalembedwa m'madola, pa munthu mmodzi pa mwezi, ndipo nambala imene amaika patsogolo nthawi zambiri ndi ya wolipira chaka chonse pakamodzi. Wolipira mwezi ndi mwezi amalipira zochulukirapo. Tiyerekeze kuti ndi $10 pa munthu, anthu 9, dola ili pa R18. Imeneyo ndi R1 620 pa mwezi. Akaikapo VAT ya 15% ifika R1 863, ndipo banki yanu idulanso kangachepe posintha ndalama. Randi ikagwa, bilu imakwera inu osasintha kanthu. N'chifukwa chake opaka penti ndi othandizira safunika akaunti. Foromani mmodzi pa saiti akwanira. Malire a magawo aulere amasinthidwa pafupipafupi, choncho tsegulani tsamba la mitengo tsiku limene mukusankhalo, musadalire kanema wa pa YouTube wa zaka ziwiri zapitazo. Makotesheni ndi ma invoice musawakakamize kulowa m'mapulogalamuwa, zimenezo ndi za mapulogalamu owerengera ndalama monga Sage kapena Xero.

Pali nkhani ina yomwe ambiri sailabadira. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo chindapusa chake chimatha kufika R10 miliyoni. Limakhudza ndi makampani aang'ono omwe. Dzina la kasitomala, adiresi, nambala ya foni ndi zithunzi za mkati mwa nyumba yake, zonsezi zili pansi pa lamuloli, ndipo mapulogalamuwa nthawi zambiri amazisunga pa makompyuta a kunja kwa South Africa. Lembani mzere pa kotesheni wodziwitsa kasitomala kuti mudzasunga zimenezi mu pulogalamu yakuti, asainire. Nambala yotsegulira geti kapena alamu isalembedwe pa khadi ngakhale pang'ono. Nyumba ikaberedwa, oyamba kuganiziridwa ndi amisiri, ndipo ife alendo kukayikiridwako kumatigwera msanga. Mapasipoti ndi mapepala a anyamata anu asaikidwenso pa bolodi lomwe ena amatsegula. Onetsetsaninso kuti bolodi la Trello silili pa "Public", chifukwa lotero aliyense akhoza kuliona ndipo Google imalipeza.

Akaunti mutsegule nokha, ndi imelo ya kampani, osati ya mphwanu yemwe amadziwa za makompyuta. Tsiku lomwe mwasemphana kapena wabwerera ku Malawi, mbiri ya ntchito zanu imapita naye. Oyang'anira akaunti akhale awiri, ndipo yatsani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa. Wantchito akachoka, mchotseni tsiku lomwelo. Ntchito ikatha n'kulipidwa, mchotseninso kasitomala, bolodi mulitseke koma musalifufute, poti madandaulo a kudontha kwa madzi amabwera patapita miyezi, ndipo zithunzi zosonyeza kuti munapaka mankhwala musanaike matailosi ndi zimene zidzakuyankhireni.

Mmene mwafotokozeramo, ine ndinganene kuti yambani ndi Trello yaulere pa nyumba imodzi yokha, yomwe ikuyamba sabata ikubwerayi, kwa masabata awiri. Musasamutse ntchito zonse pakamodzi. Lolemba m'mawa tengani mphindi 15 ndi foromani kudutsa makhadi, tsiku lililonse poweruka atumize zithunzi zitatu, ndipo Lachisanu inu mulembere kasitomala mizere inayi: zatha, zikubwera, zikudikira iyeyo, ndi ndalama zowonjezera mpaka pano. Masabata awiriwo akatha, werengani kuti ndi zosintha zingati zomwe zinagwiridwa popanda khadi. Ngati zilipo, vuto lili pa chizolowezi, ndipo kusintha pulogalamu sikuthandiza. Ngati makhadi akuyenda koma kusamala mabolodi awiri pa nyumba iliyonse kwayamba kukudyerani nthawi, kapena mwagunda malire a anthu 10, pamenepo yesani Basecamp pa nyumba yotsatira. Gulu la WhatsApp la anyamata lisiyeni likhalepo pa za "ndachedwa, taxi yavuta ku Bree", koma muyeso, mtengo ndi tsiku zizilembedwa pa khadi.