Mafunso a Owerenga: Kodi Mawu a Meya ndi Lamulo?

Funso: Ndimagulitsa salaula pafupi ndi msika wa Kapata. Mvula ikayamba timamva pa wailesi kuti a Meya aletsa malonda a m'mbali mwa msewu poopa kolera. Kodi Meya angangodzuka m'mawa n'kutiletsa malonda, kapena kulamula kuti anthu asayende usiku? (Mayi wa ku Kapata, Chipata)

Yankho: Paokha sangathe, amayi. Kuchokera pamene malamulo oyendetsera dziko la Zambia anasinthidwa mu 2016, meya amasankhidwa ndi anthu onse a mumzinda kwa zaka zisanu, osati ndi makhansala okha ngati kale. Izi zinakweza ulemu wa mpandowo, koma sizinaupatse mphamvu yopanga malamulo. Meya wa Chipata, yomwe inakwezedwa kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, amatsogolera misonkhano ya khonsolo, amayimira mzinda ndipo amalondoloza zimene makhansala amanga. Apolisi a khonsolo ndi oyendera zaumoyo amalandira malangizo kwa Town Clerk, mkulu wa ogwira ntchito a khonsolo, amene amalembedwa ntchito ndi Local Government Service Commission, bungwe lolemba anthu ntchito m'makhonsolo.

Choncho zimene mumamva pa wailesi nthawi zambiri si lamulo latsopano. Ndi lamulo lakale limene linagona, tsopano aliutsa. Malamulo oletsa malonda a mumsewu ndi kutaya zinyalala paliponse amasainidwa ndi nduna ya maboma aang'ono, ndipo anawakhwimitsa mu 2018. Za matenda zimachokera mu Public Health Act: oyendera zaumoyo angatseke malo odyera, butchala kapena chitsime chosatetezedwa ngati chikuika anthu pangozi. Mliri ukakula, nduna ya zaumoyo ndiyo imatulutsa chikalata chotchedwa SI. Pa kolera ya ku Lusaka kunatuluka SI 79 ya 2017 yoletsa misonkhano m'madera okhudzidwa, ndipo lamulo loti anthu a ku Kanyama asayende usiku mu Januwale 2018 linachokera ku boma lalikulu, osati kwa meya.

Kulengeza kuti dziko lili pangozi, kumene kumachepetsa ufulu wina wa anthu, ndi kwa Pulezidenti, ndipo nayenso ali ndi malire. Malinga ndi ndime 30 ya malamulo oyendetsera dziko, chilengezocho chimatha pakadutsa masiku 7 ngati Nyumba ya Malamulo sinachivomereze, ndipo ikavomereza sichipitirira miyezi itatu popanda kubwereranso kwa aphungu. Mu Julayi 2017, msika wa City Market utapsa ku Lusaka, a Edgar Lungu anagwiritsa ntchito ndime 31, imene imanena za chiopsezo chomwe chingakule kufika pangozi. Chilala ndi madzi osefukira zili ndi njira yakeyake: pa 29 Febuluwale 2024 a Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala tsoka la dziko lonse, thandizo linadzera ku DMMU, nthambi yoona za masoka imene ili mu ofesi ya wachiwiri kwa Pulezidenti, ndipo m'boma lililonse komiti yake imatsogoleredwa ndi a DC. Mtsinje wa Lunkhwakwa ukasefukira, a Meya angadandaule mokweza ndi kutumiza anthu okatsegula ngalande, koma ndandanda wa olandira thandizo suli m'manja mwawo.

Funso: Nanga malamulo a khonsolo enieniwo amapangidwa bwanji? Ife timangowadziwa tsiku limene atigwira. (Bambo wa ku Mchini)

Yankho: Pali dongosolo lake mu Local Government Act ya 2019. Nkhani imayambira m'komiti ya khonsolo, kenako imapita ku msonkhano wa makhansala onse, mmene mumakhalanso oyimira mafumu osapitirira atatu. Akagwirizana, chikalatacho chimaikidwa ku ofesi ya khonsolo kwa masiku osachepera 30 kuti aliyense awerenge ndi kulemba zimene akutsutsa. Pambuyo pake chimapita kwa nduna, ndipo chimakhala lamulo nduna ikavomereza n'kusindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezera malamulo. Lamulo la khonsolo silingatsutsane ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo. Zikasemphana, la khonsolo ndilo limagwa.

Pamene zimalakwika ndi pa masiku 30 aja. Chidziwitso chimamatidwa pa bolodi pomwe ogulitsa tomato safika, nthawi imatha popanda wolemba kalata, ndipo phokoso limayamba ndalama zolipira ku khonsolo zitakwera kale. Komiti ya msika wanu isankhe munthu woti aziyang'ana bolodi imeneyo, ndipo khansala wanu muzimufunsa zimene zili pa ndandanda wa msonkhano wotsatira. Dandaulo la pakamwa silifika kwa nduna. Lembani, tchulani ndime imene mukuikana ndi chifukwa chake, musiye kope lina lodindidwa kwa inu.

Dziwaninso kuti mfundo imene makhansala angogwirizana pa msonkhano siyipanga mlandu watsopano. Ingalamule ogwira ntchito kuti akhwimitse lamulo lomwe lilipo, basi.

Funso: Apolisi a khonsolo anatenga thumba la mwana wanga la mbatata ndi sikelo, n'kunena kuti apereke ndalama pomwepo kuti amubwezere. Kodi zimenezi n'zololedwa? (Gogo wa ku Nabvutika)

Yankho: Agogo, tiyambe ndi chowawa: ngati mwanayo amagulitsira pamalo osaloledwa, khonsolo ili ndi mphamvu yomuchotsa ndi kumuimba mlandu. Koma ndalama ya m'manja pamsewu popanda lisiti si chindapusa, ndi chiphuphu, ndipo lamulo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe.

Zikachitikanso, mwanayo asalimbane nawo, chifukwa kutsekereza wogwira ntchito ya boma ndi mlandu wina wolemera kuposa wa mbatatawo. Afunse dzina ndi chiphaso cha amene akumugwira. Afunse lamulo limene waphwanya. Apemphe kuti katundu alembedwe pa pepala chimodzichimodzi, thumba ndi kukula kwake, sikelo ndi mtundu wake, ndipo pakhale mnzake woonerera. Ngati ali ndi foni ajambule katunduyo asanakwezedwe m'galimoto. Apa ndi pamene ambiri amaluzira, chifukwa katundu wosalembedwa sakhala ndi mwini akafika kosungira, ndipo zovunda msanga monga masamba ndi nsomba sizidikira mlandu. Apite ku khonsolo tsiku lomwelo.

Ndalama ikaperekedwe ku ofesi yolandirira ndalama, ndipo lisiti lionetse dzina la khonsolo, nambala, tsiku ndi mlandu wake. Zindapusa zambiri zimalembedwa m'mayuniti, osati m'makwacha. Yuniti imodzi inali 30 ngwee kwa zaka zingapo, ndipo mu 2024 inakwera kufika pa 40 ngwee. Ndiye mlandu wa mayuniti 1,000 ndi K400. Wina akatchula ndalama ya m'mutu mwake, afunsidwe kuti mayuniti ake ndi angati.

Chinthu china chimene anthu sauzidwa: kulipira chindapusa chotere ndi kuvomera mlandu. Amene akuona kuti sanalakwe ali ndi ufulu wokana, nkhani n'kupita kwa majisitireti. Wapolisi wa khonsolo saweruza, ndipo ngakhale a Meya sangagamule kuti munthu ndi wolakwa. Kunena zoona, pa thumba limodzi la mbatata ambiri amasankha kulipira chifukwa khoti limadya masiku, koma asankhe akudziwa.

Ngati katundu wasowa, lemberani Town Clerk, kope lipite kwa khansala wa wadi yanu. Pakapanda yankho pali ofesi ya Public Protector, yomwe imafufuza nkhanza ndi kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma. Za chiphuphu n'za Anti-Corruption Commission.

Funso: Bala ya pafupi ndi nyumba yathu imaimba nyimbo mpaka tambala. Tikadandaule kwa a Meya? (Mphunzitsi wa ku Katete)

Yankho: Ku Katete kulibe meya, aphunzitsi, kumeneko kuli wapampando wa khonsolo, ndipo mkulu wa ogwira ntchito ndi Council Secretary. Ziphaso za mowa zimaperekedwa ndi khonsolo motsata Liquor Licensing Act ya 2011, ndipo bala wamba imayenera kutsegula 10 koloko m'mawa n'kutseka 10 koloko usiku. Malo ovinira usiku ali ndi chiphaso china ndi maola ena, choncho yambani mwafunsa kuti mwiniyo ali ndi chiphaso cha mtundu wanji. Lembani masiku ndi maola a phokosolo kwa milungu iwiri, anansi asainire, kalata ipite kwa Council Secretary ndi kupolisi, ndipo mupemphe kuti isungidwe mu fayilo ya balayo kuti idzawerengedwe mwiniyo akadzafuna kukonzanso chiphaso.