Kodi ku Lauterbrunnen kuli zotani?

Funso: Akonzi, mwana wanga amene akuphunzira ku Switzerland wandiitana kuti ndikamuchezere, ndipo akuti tikaone mudzi wa Lauterbrunnen. Kodi kuli chiyani choti mayi wachikulire ngati ine ndivutikire ulendo?

Yankho: Pitani ndithu, amayi. Lauterbrunnen ndi mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Bern, umene uli m'chigwa chopapatiza pakati pa matanthwe ataliatali, ndipo sitima yochokera ku tawuni yapafupi ya Interlaken imatenga mphindi pafupifupi 20 kukafikako. Chigwachi chimatchuka ndi mathithi 72. Oyamba kuwaona ndi a Staubbach, amene madzi ake amagwa mamita pafupifupi 300, moti ambiri amasanduka nkhungu asanafike pansi.

Amene ine ndimawakonda koposa ndi a Trümmelbach, mathithi 10 obisika mkati mwa phiri, omwe madzi ake ndi chipale chosungunuka cha m'mapiri a Eiger, Mönch ndi Jungfrau. Nthawi yotentha amatha kufika malita 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo mkokomo wake umanjenjemeretsa thanthwe limene mwaimapo. Mukavale nsapato zosaterera, popeza masitepe ake amakhala onyowa, ndipo dziwani kuti m'nyengo yachisanu malowa amatsekedwa.

Pamwamba pa chigwa pali midzi ya Wengen ndi Mürren, kumene alendo safikako pa galimoto. Kudzera ku Wengen mungakwere sitima mpaka ku Jungfraujoch, siteshoni imene inatsegulidwa mu 1912 pamalo okwera mamita 3,454. Tikiti yake imadya mafranki (ndalama za ku Switzerland) ambiri, komanso mpweya kumeneko ndi wochepa, choncho ngati muli ndi vuto la mtima, muyambe mwaonana ndi dokotala.