Kodi sukulu za boma za ku South Bend n'zogwadi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akusamukira ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kutsatira bambo a kunyumba. Ali ndi ana awiri, wa Sitandade 2 ndi wa Fomu 1. Achibale amene ali kale kumeneko awauza kuti asayerekeze kuchita lendi m'tauni, akafune nyumba ku Granger, malo okhala anthu kunja pang'ono kwa mzindawu, chifukwa ati sukulu za mumzinda n'zogwa. Funso la mayiwo n'lakuti: zonsezi si za boma kodi? Nanga zikusiyana pati?

Mayi, achibalewo sakunama, koma akuuzani theka la nkhani.

Kwathu tinazolowera kuti unduna ndi umodzi ndipo mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa amalipidwa kuchokera m'thumba limodzi. Ku America sizili choncho. Dziko linagawidwa m'madera a sukulu oposa 13,000, dera lililonse ndi komiti yake ndi bajeti yake, ndipo boma la ku Washington limangoponyapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kawirikawiri mwana amapita kusukulu ya dera limene nyumba yanu ili. Choncho posaina lendi mumakhala mwasankhiratu sukulu. South Bend ili ndi dera lake. Mbali yaikulu ya Granger ili m'dera lina, la Penn-Harris-Madison, ndipo n'zoona kuti pa mayeso a boma otchedwa ILEARN ana a kumeneko amakhoza bwino kwambiri kuposa a mumzinda.

Koma ndani akulemba mayesowo? Ku Granger kumakhala mabanja opezako bwino. Mumzinda, ana ambiri amachokera m'mabanja ovutika, ambiri ndi akuda kapena a mabanja olankhula Chisipanishi, ena akuphunzira kumene Chingerezi. Zili ngati kuika zotsatira za MSCE za sukulu ya national pambali pa za CDSS ya kumudzi n'kunena kuti aphunzitsi a kumudziwo ndi aulesi. Tonse tikudziwa kuti kusiyana kunayamba ana asanalowe m'kalasi. Mndandanda wa zotsatira umakuuzani zambiri za matumba a makolo kuposa za luso la aphunzitsi.

Umphawiwu uli ndi mbiri yake. Fakitale ya magalimoto ya Studebaker itatsekedwa mu Disembala 1963, ntchito zinapita nayo. Mu 1960 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 132,000, mu 2020 anali 103,000. Amene anali ndi kangachepe anamanga kunja kwa mzinda.

Tsono nkhani ya ndalama, yomwe ine ndimaona kuti ndiyo phata. Kuyambira 2009, malipiro a aphunzitsi ku Indiana amachokera makamaka ku boma la chigawo, lomwe linakweza msonkho wa pogula zinthu kuchoka pa 6 kufika pa 7 peresenti. Ndalamayo imaperekedwa powerenga mitu: mwana aliyense ali ndi gawo lake, ndi kowonjezera kwa ana osauka. Mwana akachoka, ndalama imamutsatira. Ndipo njira zochokera n'zambiri. Mu 2011 Indiana inayamba kulipirira ana fizi m'sukulu zomwe si za boma, kuli sukulu za charter (zoyendetsedwa ndi mabungwe oima paokha koma ndi ndalama za boma), komanso madera oyandikana amalandira ana a kwina akakhala ndi malo. Taganizani kalasi ya ana 25 itataya atatu. Mphunzitsi alipidwabe, basi iyendabe msewu womwewo, chipinda chifundidwabe m'nyengo ya chisanu, koma ndalama ya ana atatu yapita. Mabasi ndi nyumba zimadalira msonkho wa malo, womwenso unaikidwa malire: nyumba yokhalamo mwini wake silipira kuposa 1 peresenti ya mtengo wake. Kumene nyumba zili zotsika mtengo, chotuluka n'chochepa.

N'chifukwa chake mu Juni 2020 anthu a ku South Bend anavota kuti adzikwezere okha msonkho, sukulu zipeze madola pafupifupi 220 miliyoni. Ngakhale zinatero, ana anapitiriza kuchepa, ndipo mu 2024 sekondale ya Clay inatsekedwa. Izi n'zimene achibale anu akuona, ndipo sindingawatsutse.

Chomwe ndikukana n'kuweruza dera lonse ndi nambala imodzi. Mwana wanu sakaphunzira m'dera, akaphunzira m'sukulu imodzi, kwa mphunzitsi mmodzi. Sekondale ya John Adams, momwemo mumzinda, ili ndi pulogalamu ya International Baccalaureate, maphunziro ovomerezeka m'mayiko ambiri, yomwe makolo ena amachita kuifunafuna. Lendi ya ku Granger nayonso si yamasewera, ndipo popanda galimoto mungavutike. Ngati nyumbayo ikuchititsani kugwira mashifiti awiri, ana n'kumakuonani Lamlungu lokha, ine ndikukayika ngati mwapindula. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yambani mwafika, mupite kusukulu ziwiri kapena zitatu, mupemphe kuona kalasi. Funsani kuti aphunzitsi amakhalitsa zaka zingati, komanso kuti ana amene anayamba chaka ali m'mbuyo amafika pati pomatha chaka.

Mtima wanga uli kwambiri pa wamng'onoyo. Ku Indiana ana a giredi 3 amalemba mayeso a kuwerenga otchedwa IREAD, ndipo lamulo la 2024 likuti wolephera abwereze kalasi, kupatula magulu ena monga ana amene angoyamba kumene kuphunzira Chingerezi. Polembetsa adzakufunsani chilankhulo cha kunyumba. Lembani Chichewa mosachita manyazi, pakuti n'chimene chimatsegula khomo la thandizo lapadera.

Ndipo mukasankhabe Granger, chenjerani ndi keyala. Mbali ina ya Granger ili m'dera la sukulu za South Bend lomwelo. Musanapereke dipoziti, imbirani ofesi ya Penn-Harris-Madison, muwawerengere nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, akuuzeni okha ngati ili mkati mwa malire awo.