Bagpipe m'bandi: ena akuvina, ena akutseka makutu

Mayi wina yemwe akukhala ku Glasgow watilembera kalata. Akuti mu Januwale anapita ku Celtic Connections, chikondwerero cha nyimbo cha mumzindawo, komwe anakaonera bandi yoimba bagpipe pamodzi ndi gitala, besi ndi ng'oma, ndipo anasangalala zedi. Koma mnzawo amene anapita naye anangoti ndi phokoso lobaya m'makutu, pomwe mdala wina wa ku Scotland wa kuntchito kwawo anati zimenezo n'zoseweretsa chikhalidwe. Funso lawo n'lakuti: akunena zoona ndani?

Zikomo mayi. Anthu awiriwa sakudandaula chinthu chimodzi. Mnzanuyo akudandaula za makutu, mdalayo za mwambo. Tiyambe ndi makutu, poti kumeneko n'komwe kuli zambiri zogwirika.

Bagpipe wa ku Scotland, Great Highland bagpipe, ali ndi thumba lomwe woimba amalipanira m'khwapa, kampopi kouzirira mpweya, chitoliro cha zala chotchedwa chanter, ndi zitoliro zitatu zotsamira paphewa zotchedwa drone. Ma drone salira nyimbo, amangong'ung'udza liwu limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chanter chili ndi manoti 9 okha, ndipo woimba alibe njira yochepetsera mawu kapena kupumira pakati pa noti ndi noti, chifukwa mpweya umatuluka m'thumba mosadukiza. N'chifukwa chake amalekanitsa manoti ndi timanoti tothamanga kwambiri ta zala. Chidachi anachikonzera pabwalo, ndipo ukakhala pafupi chimapitirira ma decibel 100 pa muyeso wa kukula kwa phokoso. Ndiye mukachilowetsa m'holo n'kuchipatsanso maikolofoni, munthu amene khutu lake linazolowera nyimbo zokwera ndi kutsika amatopa msanga. Mnzanuyo sakunama.

Koma vuto lalikulu, lomwe omvera ambiri amalimva osalidziwa dzina, ndi kachunidwe. Noti imene oimba bagpipe amaitcha A si A wa pa kiyibodi. Wa pa kiyibodi ndi 440 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu), pomwe chanter cha mipikisano masiku ano chimalira cha m'ma 480 Hz, kupitirira ngakhale B-flat yemwe ndi 466 Hz. Chili pakatikati, sichigwirizana ndi kiyi iliyonse ya gitala. Mabandi odziwa ntchito amagula chanter chopangidwira 466 Hz, wagitala n'kuika capo, kopanira nsambo kuti mawu akwere, pa fret (kamzere ka pakhosi pa gitala) yoyamba, nkhani yatha. Osadziwa amangokakamiza, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zimakwiyitsa anthu.

Ngakhale mutakonza zimenezo, patsala kena. Manoti a chanter amachunidwa kuti agwirizane ndi drone, osati ndi piyano. Noti yachitatu imakhala yotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi ya pa kiyibodi, choncho wakiyibodi akagwira chord yodzadza (manoti atatu olira pamodzi), manoti awiriwo amakwechana. Oimba anzeru amasiya noti yachitatuyo m'chord, n'kugwira yoyamba ndi yachisanu basi. Woimba bagpipe naye amamata tepi pang'ono pabowo la noti imene yakwera kuti itsike. Ndiye pali kutentha. Kabango ka m'chanter kakafunda mawu amakwera, makamaka m'mphindi zoyambirira, pomwe chinyezi cha mpweya wa m'kamwa chimasokoneza ma drone. Bandi imene yachuna kuseri kozizira n'kukwera pasiteji ya magetsi otentha imakhala itasokonekera pofika nyimbo yachitatu. Mukamva ma drone akuchita "wawawawa" m'malo molira mosalala, dziwani kuti asiyana, ndipo kuthamanga kwa "wawa" ameneyo kukusonyeza kukula kwa kusiyanako.

Tsopano za mdala uja. Mabandi ambiri amatseka ma drone kapena kuwabisa pansi pa besi, chifukwa liwu losasintha limalimbana ndi ma chord osinthasintha. Kwa munthu amene anakulira pa piobaireachd, nyimbo zakale zodekha zomwe imodzi yokha imatha mphindi 10 kapena kupitirira, drone ndiye maziko. Noti iliyonse imakoma chifukwa cha mmene ikukhalira pamwamba pa liwu lija. Kuchotsa drone kuli ngati kuimba kwaya popanda abesi. Amadandaulanso liwiro: nyimbo ikathamangitsidwa kuti igwirizane ndi ng'oma, timanoti ta zala tija timamezedwa, pomwe ndi momwe muli luso. Pamenepa tikugwirizana nawo, mabandi ena amathamangadi pobisa zala zofooka.

Kumene sitigwirizana nawo n'kwakuti zatsopano zonse n'zachibwana. Mkanganowu ndi wakale. The Tannahill Weavers ndi Battlefield Band analowetsa bagpipe m'bandi kale m'zaka za m'ma 1970. Woimba bagpipe Gordon Duncan, yemwe anamwalira mu 2005, anadzudzulidwa ndi Seumas MacNeill wa ku College of Piping chifukwa cha kaimbidwe kake, iye n'kuyankha potcha chimbale chake cha 1994 kuti Just for Seumas. Lero nyimbo zomwe Duncan anapeka zimaimbidwa ndi mabandi a mipikisano omwewo. Martyn Bennett, amene anamwaliranso mu 2005 ali ndi zaka 33, anaphunzira kaimbidwe ka makolo mokwanira asanayambe kusakaniza ndi ng'oma za pakompyuta. Anthu oterewa ankadziwa bwino lamulo lomwe akuliphwanya. Red Hot Chilli Pipers, omwe anatchuka atapambana mpikisano wa pa BBC mu 2007 ndipo amaimba nyimbo za rock pa bagpipe, ndi nkhani ina. Ndi chisangalalo cha pasiteji, ndipo ngati mdalayo amanena za mtundu umenewu, sitingamutsutse kwambiri, ngakhale zala zawo zili bwino ndithu.

Mnzanu uja musamutaye. N'kutheka kuti amadana ndi bagpipe mmodzi yekha, poti alipo amitundumitundu. Muyambitseni ndi uilleann pipes a ku Ireland. Awa sauzira ndi pakamwa, amapopa ndi mvukuto womangirira pachigongono, woimba atakhala pansi. Mpweya wake ndi wouma, motero kachunidwe sikasinthasintha kwambiri. Amafika ma octave awiri (octave ndi kuchokera pa do kufika pa do wapamwamba), ambiri ali mu kiyi ya D yomwe imagwirizana ndi gitala ndi vayolini, ndipo woimba akagunditsa chanter pabondo n'kutseka mabowo onse mawu amaduka, nyimbo n'kupuma. Amvere Liam O'Flynn ndi gulu la Planxty, kapena Davy Spillane. Akafuna zovinika, Afro Celt Sound System inasakaniza uilleann pipes ndi kora (choimbira cha nsambo) komanso ng'oma za kumadzulo kwa Africa kuyambira m'ma 1990. Palinso Scottish smallpipes, ofatsa mawu moti mutha kucheza akulira m'chipinda, ndi gaita wa ku Galicia, m'dziko la Spain, yemwe Carlos Núñez anamutchukitsa.

Bagpipe wamkulu uja akamumvere panja. Mu Ogasiti kumakhala mpikisano wa mabandi a bagpipe wa dziko lonse lapansi, World Pipe Band Championships, pa paki ya Glasgow Green, pafupi ndi kwanuko. Muime chapatali ndithu, chifukwa pataliko kubaya kwa chanter kumachepa ndipo ma drone amamveka bwino. Mukabwereranso m'holo, musakhale moyang'anizana ndi sipika, ndipo mutenge totseka m'makutu ta oimba, tomwe timachepetsa phokoso osawononga nyimbo. Oimba bagpipe ambiri amavala tomweto akamayeserera. Mdalayo mumupemphe akusankhireni piobaireachd imodzi yoti mumvere naye mpaka kumapeto, inu mumusankhire ya Duncan.