Alamu, oyilo uja musathire mu Sienta

Alamu, uthenga wanu uja ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kunsi kwa minibasi kuno ku Biwi, manja onsewa ali bii. Mwafunsa za oyilo wa m'mabotolo amene munthu uja akuti ndi wosefa, mtengo wake theka, kuti kodi mungathire mu Sienta. Ayi ndithu alamu, musathire.

Zoti oyilo wakale amakonzedwanso n'zoona, pamenepo sakunama. Oyilo amangoda, ndipo chimene chimafooka ndi mankhwala amene anasakanizamo ku fakitale. Koma kukonza kwenikweni si nkhani ya chigubu ndi nsalu ayi. Amayamba amutenthetsa kuti madzi ndi petulo zichoke. Kenako amamuphika m'mathanki otseka, atachotsamo mpweya, mpaka akwere ngati nthunzi, monga mmene amatchezera kachasu muja, zoipa zonse n'kutsala pansi zili ngati phula la pamsewu. Akatero amuyeretsenso, athiremo mankhwala atsopano, amuyeze. Ameneyo ndiye oyilo, ngakhale ine ndikhoza kuthira.

Tsono anzathuwa amangomusiya m'diramu kuti adikhe, n'kusefa pa nsalu basi. Tizitsulo tosaoneka ndi maso tili momwemo, mwaye uli momwemo, asidi ali momwemo. Mwezi wathawu anandibweretsera galimoto imene anathiramo oyilo wotere. Nditatsegula pamwamba pa injini ndinapeza zinthu zakuda zitaundana ngati phala logona, kasefa ka pampu ya oyilo katatsekeka. Injini inali itanoka kale. Mwini wake anangokhala pa tayala, manja kumutu, ndinamumvera chisoni kwambiri. Zonsezi chifukwa cha malita 4 okha a oyilo, alamu.

Gulani wotseka bwino, muone kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo, nambala yake ikhale imene yalembedwa m'buku la galimoto. Fyuluta musinthirenso limodzi.

Wakale amene mukhetseyo chonde musataye m'ngalande. Mvula ikagwa zonsezo zimatsikira mu Lingadzi, pomwe amayi amachapa ndi kuthirira madimba. M'chimbudzinso ayi, ndikudziwa ena amathira kuti fungo lithe, koma amalowa pansi n'kukafika ku zitsime. Muthire m'chigubu chouma, osasakaniza ndi madzi kapena mafuta a mabuleki, mutseke. Ana asamagwire, oyilo wakudayu akamakhalitsa pakhungu amatha kuyambitsa khansa. Loweruka ndikubwera ku Area 25 kudzaona amayi, ndidzatenga chigubucho, ndidzamvereko ndi injiniyo.