Pulinta ya leza kapena ya Leza? Mafunso pa mawu a makina a muofesi

Makalata atatu a sabata ino akumana pa chinthu chimodzi: pulinta imene makompyuta angapo amagawana kudzera pa netiweki.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina amene amasamalira makompyuta pasukulu ina yasekondale. Akuti: "Tinaika Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, m'makompyuta athu akale, ndipo tagula pulinta imodzi yoti onse azigwiritsa ntchito. Ndikulemba malangizo m'Chichewa oti ndimate pakhoma. Ndinalemba kuti pulinta ya leza, koma mphunzitsi wa Chichewa wandiseka mpaka misozi. Ndalakwa pati?"

Bambo, aphunzitsiwo musawakwiyire. Leza ndi dzina lakale la Mulungu, ndipo mpaka lero tikulitchula m'mawu oti utawaleza, kutanthauza uta wa Leza. Mukalemba pulinta ya leza, agogo owerenga pakhomapo angadabwe kuti kodi Namalenga nayenso wayamba kusindikiza makalata. Vuto lina ndi loti pakamwa pathu l ndi r sizisiyana kwenikweni, choncho laser, liwu lachingerezi limene munkafunalo, imayandikana kwambiri ndi lezala lometera ndevu. Ngati mukufuna kutchula mtundu wa makinawo, lembani pulinta ya laser, mawuwo muwasiye monga alili.

Koma ine ndikadakhala inu sindikadawatchula n'komwe, chifukwa wogwiritsa ntchito saiona laser, kumene ndi kuwala kwamphamvu kopyapyala. Kuwalako kumakhala mkati, kukujambula zilembo pa chigubu chozungulira chimene chadzazidwa mphamvu ya magetsi. Ufa wakuda umamatirira pojambulidwapo, kenaka umasamukira papepala, ndipo pepalalo limadutsa pakati pa zogudubuza zotentha zimene zimasungunula ufawo kuti ugwire. N'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda ngati chitumbuwa. Chimene mlembi amaona ndi kugula ndi ufawo, umene m'maofesi timautcha tona. Ndiye pulinta ya tona ndi dzina lomveka, ndipo limateteza ndalama za sukulu. Mukalemba kuti inki yatha, tsiku lina wotumidwa kutawuni adzabwera ndi timabotolo ta inki yamadzi, imene makina anuwo sadziwa n'komwe.

Mwafunsanso ngati si bwino kunena makina osindikizira m'malo mwa pulinta. Ndi Chichewa chabwino, koma ambiri tikamva choncho timaganiza za zimakina zikuluzikulu zosindikiza mabuku ndi nyuzipepala, zonga za ku Likuni, ku Nkhoma kapena ku Balaka. Pulinta inalowa kale m'chiyankhulo, ndipo inapeza ndi malo ake: timati pulinta iyi, pulinta yathu yazima, koma zikachuluka timati mapulinta awa, monga kompyuta ndi makompyuta. Chenjerani kuti makina satenga yi kapena i. Timati makina awa awonongeka, ngakhale ali amodzi. Pa kalembedwe, lamulo limene linakhazikitsidwa ndi Chichewa Board ndi loti r imabwera pambuyo pa i kapena e, kwina konse timalemba l. Ndiye pulinta ndi pulogalamu zili ndi l, pamene adiresi ili ndi r.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wogwira ntchito paofesi ya mpingo. Akuti mnyamata wokonza makompyuta anawauza kuti pulinta sikugwira chifukwa palibe dalaivala, iwo n'kuyankha kuti dalaivala wapita kumaliro. Akufunsa ngati pali mawu ena, komanso kusiyana kwa kulumikiza ndi kulumikizana.

Mayi, simunalakwe, dalaivala amene tonse timamudziwa ndi wa galimoto. Wa mukompyuta ndi kapulogalamu kamene kamasandutsa chikalata chanu kukhala malamulo amene pulinta ya mtundu umenewo imamva. Kunena zoona ntchito yake ndi ya womasulira, osati woyendetsa. Polemba malangizo ndimakonda kunena pulogalamu ya pulinta, ndipo poyankhula galamala imatithandiza yokha: dalaivala wapita ndi munthu, dalaivala yasowa ndi pulogalamu.

Chosangalatsa n'choti pa Linux ya masiku ano, imene Ubuntu ndi mtundu wake umodzi, mapulinta ambiri a pa netiweki safunanso dalaivala yapadera. Ntchito yonse yosindikiza imayendetsedwa ndi CUPS, pulogalamu imene Michael Sweet anatulutsa mu 1999, n'kugulidwa ndi Apple mu 2007. Pulinta yatsopano imadzilengeza yokha pa netiweki, pulogalamu ina yotchedwa Avahi n'kuimva, ndipo ziwirizo zimagwirizana kudzera mu njira ya IPP Everywhere. Ikapanda kuoneka, munthu amatsegula bulawuza, pulogalamu yoonera masamba a pa intaneti, n'kulemba localhost:631, n'kuiwonjezera pamanja polemba adiresi yake, ndiye kuti nambala yoizindikirira pa netiweki. Mapulinta akale a HP nthawi zambiri amafuna pulogalamu yotchedwa HPLIP. Apa pali langizo limene ndimalibwereza kwa aliyense womasulira malangizo: chimene munthu adzadina kapena kulemba pa kiyibodi musachimasulire. Ngati batani lalembedwa Add Printer, lembani kuti dinani Add Printer. Mukalemba dinani Onjezani Pulinta, munthu adzafunafuna mawu amenewo mpaka dzuwa kulowa.

Tsono funso lanu la kulumikiza ndi limene landikoka mtima, chifukwa apa Chichewa chimanena zinthu mosamala kwambiri. Kulumikiza ndi ntchito ya manja anu: mwatenga chingwe, mwalowetsa kumbuyo kwa pulinta, mbali ina mu rauta, kabokosi kamene zida za pa netiweki zimakumanirapo. Mukatero pulinta yalumikizidwa. Kulumikizana kumafuna mbali ziwiri, monga kukondana kapena kumvana: kompyuta ikuitana, pulinta ikuvomera. Ndipo n'zotheka ndithu kuti pulinta yalumikizidwa koma sizikulumikizana ndi kompyuta. Kwathu kuno izi zimachitika kawirikawiri magetsi akazima. Rauta ndiyo imagawa maadiresi kwa chida chilichonse, ndipo magetsi akabwera ikhoza kupatsa pulinta adiresi ina. Dzulo inali 192.168.1.20, lero ili 192.168.1.23, koma kompyuta ikugogodabe pakhomo lakale. Chingwe chili bwinobwino, kanyali kakuyaka, ntchito zangoima pamzere. Mankhwala ake ndi kupatsa pulinta adiresi yokhazikika. Onani kuti ndati yokhazikika, kuchokera ku kukhazikika, osati yoima, chifukwa yoima ingamveke ngati yasiya kugwira ntchito. Mukamaimbira wokonza uja, kumuuza kuti zalumikizidwa koma sizikulumikizana kungamupulumutse ulendo wa minibasi.

Wina anafunsa pambali ngati tilembe kuika kapena kuyika. Zonse ziwiri mudzaziona m'mabuku ndi m'nyuzipepala. Sankhani chimodzi, musasinthe pakati pa tsamba.

Kalata yachitatu ndi ya wophunzira wina wa kukoleji amene akufuna kudziwa ngati Linux tingaitche pulogalamu yaulere.

Mungatero, ndipo simunama, chifukwa Ubuntu mumaitenga pa intaneti osalipira kanthu kupatula bandulo. Koma mwasiya theka la nkhani. Chingerezi chili ndi liwu limodzi, free, lonyamula zinthu ziwiri, moti eni ake amavutika kufotokoza kuti akunena za ufulu osati za mtengo. Ife tili ndi mawu awiri osiyana. Chaulere ndi chimene sunalipire. Chaufulu ndi chimene uli ndi chilolezo chochitsegula, kuona mmene anachilembera, kuchisintha ndi kugawira anzako. Pali mapulogalamu ambiri aulere amene si aufulu: umapatsidwa osalipira, koma mkati mwake ndi moletsedwa. Ndiye pa Linux, CUPS ndi anzawo ine ndimati mapulogalamu aufulu. Ena amati mapulogalamu otseguka potsatira mawu oti open source, koma kwa Mchewa pulogalamu yotseguka ndi imene yatsegulidwa pa sikirini panopa, yoti atha kuitseka akamaliza. Dzina la Ubuntu lokha silivuta kufotokoza kwathu: Mark Shuttleworth wa ku South Africa, amene anayambitsa ntchitoyi mu 2004, analitenga ku Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi liwu lomwelo limene ife timati umunthu.

Mwina simukudziwa kuti nkhani ya mapulogalamu aufuluyi ili ndi pulinta mkati mwake. Cha m'ma 1980, ku yunivesite ya MIT ku America, labotale imene katswiri wolemba mapulogalamu Richard Stallman ankagwirako inalandira pulinta ya laser ya Xerox yogawana pa netiweki. Mapepala ankakodwa mkati kawirikawiri, ndipo munthu ankayenda mtunda kukatenga chikalata chake n'kupeza palibe. Pa pulinta yakale Stallman anali atasintha pulogalamu kuti izidziwitsa anthu zikatero, koma pa yatsopanoyi anakanizidwa kuona mmene pulogalamu yake inalembedwera. Iye mwini wakhala akunena kuti zimenezi ndi zina mwa zimene zinamukankha kulengeza GNU, ntchito yolemba mapulogalamu aufulu, mu 1983.

Pamenepa ndiyankhiretu funso limene bambo a kusekondale aja anaika kumapeto kwa kalata yawo, la mmene angalembere pepala likakodwa. Pepala lakodwa ndi bwino, pepala lakakamira ndi bwinonso. M'maofesi mudzamva ena akuti yatafuna pepala, makamaka likatuluka lokwinyika. Koma mawu amene ndinawamva kwa mlembi wina wachikulire, ndipo sindinawaiwale, ndi oti pulinta yatsamwa. Lembani amenewo pakhoma lanu, ndipo pansi pake muwonjezere kuti azimitse kaye makinawo, adikire pang'ono asanalowetse dzanja, chifukwa zogudubuza zija zimawotcha.